Lukiya Savala Chikopa cha Mawanga

Kwa Mposa,
12 Ogasiti 1973.

Okondedwa alamu anga a Sufiyani,

Salamu aleikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumigodi ya ku Joniko. Chifuwa chija chinasiya? Ife kuno tili bwino, Alihamudulillahi, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe. Mwana wanu Lukiya ndi wamphamvu, nkhuku zikangomuona zimathawiratu.

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, poganiza kuti mwina maso andinamiza. Mukuti ndakunyozani pokana kumuveka mwana nsapato zimene munalamula, ndipo ndikapitiriza mwano mutuma mng'ono wanu Sidik adzamutenge, akaleredwe kwanu ku Chikweo. Chabwino. Za Sidik mwamva, tsono mumve zanga.

Mukukumbuka kuti mkulu wanga Sakina anatisiya Lukiya ali ndi masiku anayi okha. Inu munagula mbuzi yamkaka ija, Mawanga, n'kubwerera kuntchito. Pamenepo ndimakuthokozani, sindibisa. Koma wokama ndinali ine, womwetsa ndi kasupuni ndinali ine. Mwanayo atayamba kukwawa ankailondola yekha kukhola, ndipo Mawanga inkangoima phee, osamuponda, iye akuyamwa ngati kamwana kake.

Ndiye mwezi wa Juni munalembera Sidik, osati ine, kuti mbuziyo iphedwe pa sadaka ya Sakina, chikopa chipite ku Balaka akasokere mwana nsapato. Ndikudziwa munafuna zabwino. Munati yakalamba, mkaka yaleka, bola imalizire ntchito yake pa mwana yemweyo. Anaizinga ine ndili kudimba. Pobwera ndinangopeza chingwe pamtengo. Nyamayo sindinalawe, ndipo Lukiya ndinamudyetsa nandolo tsiku limenelo.

Nsapato zinafika patapita milungu isanu, zokongola ndithu, zofiirira, zazingwe. Sidik atagwada kuti amuveke, ndinamulanda mwanayo. Ndinamuuza kuti munthu saponda pamsana pa amene anamuyamwitsa. Anaseka, akuti mbuzi ndi mbuzi, ndipo ngakhale ashehe anena kuti palibe haramu. Ndinati ndi ashehe sinditsutsana, buku amalidziwa ndi iwo. Koma sanagwirepo khanda lolira njala mpaka mawu kutha, mayi ake ali kumanda.

Komabe mwanayo nsapato akuzifunadi. Matekenya ndamuchotsa atatu mwezi uno wokha. Tsono Lachinayi ndinamubereka, khadi ya chipani n'kumangirira pamfundo ya chitenje pamodzi ndi tindalama tanga, n'kukwera basi ya ku Balaka.

Ndinayambira kwa wosoka nsapatozo, a Blasius, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Munthu wabwino, anati andisinthire ndi zina. Nditafunsa kuti zinazo n'zachikopa chiti, anadzikanda m'mutu. Akuti zikopa zonse amaviika mumgolo umodzi, ndipo chotsala cha Mawanga chinasakanikirana ndi zinzake, sangachiloze. Pomwepo ndinalumbira kuti phazi la Lukiya silidzakhudza chikopa, kaya cha mbuzi kaya cha ng'ombe, ine ndili moyo.

Kulumbira sikuvuta, ntchito inali kuzipeza. Masitolo a amwenye ndinawalowa onse. Zapulasitiki zija amati sofiya zilipo, koma zochepetsetsa n'za mwana wasukulu, Lukiya anangomiramo ngati waponda mumtondo. Mapatapata anavuka asanafike n'pakhomo pomwe. Tina tansalu toyera tinamukwana bwino, ndinatsala pang'ono kumasula mfundo, koma potembenuza ndinaona kachikopa kuchidendene. Mwini sitolo anati n'kakang'ono ngati khutu la mbewa, ndikungodzivutitsa. Ndinamuyankha kuti ngati n'kakang'ono akachotse. Anandilozera khomo. Pamsika amayi ena anandifunsa ngati ndalowa mpingo watsopano.

Dzuwa litapendeka ndinabwerera kwa a Blasius, miyendo itatupa, misozi ili m'maso. Sanandiseke. Anayang'ana phazi la mwanayo, anatenga tayala lakutha n'kudulapo tizidutswa tiwiri, zingwe anadula ku chubu cha njinga. Atanena kuti mphira yokhayokha imusupula, ndinang'amba m'mphepete mwa chitenje cha Sakina chimene ndinamuberekera, iwo n'kukutira nacho. Si zokongola, alamu. Sidik akuti zikungokhala ngati za munthu wootcha makala. Koma mwiniwake akumakana kuvula ngakhale pomusambitsa.

Nsapato zanu zachikopa zija ndinazikwirira kuseri kwa khola, pansi penipeni. Ndaulula ndekha kuti musamvere kwa wina, ndipo kupepesa sindipepesa.

Tsono za kumutengazi. Kuno mwana ndi wa kwa mayi ake, inu mukudziwa, ndipo amalume ake alipo. Koma sindikufuna kuti tifike pokhalirana pabwalo. Ngati mukumufuna, musatume Sidik. Bwerani nokha, mudzakhale nafe ngakhale mwezi umodzi. Dzana ndinamuonetsa chithunzi chanu chija mwavala chisoti cha kumgodi, ndinamufunsa kuti awa ndani. Anati apolisi, n'kubisala kumbuyo kwanga. Ndinaseka, kenaka ndinalowa m'nyumba kukalira. Mwana woti sakudziwani mukamutengera kuti?

M'kalatamu ndaikamo ulusi wakuda, musautaye. Umenewo ndi utali wa phazi la mwana wanu lero. Muuyale pachikhatho, muone pamene wafika inu kulibe.

Amayi akupereka moni. Mundiperekere moni kwa a Usumani ndi onse akwathu amene muli nawo kukomponiko. Mulungu akusungeni kunsi kwa nthakako, akutulutseni amoyo tsiku lililonse mpaka mudzaponde pakhomo pano.

Ine mlamu wanu,
Kulusumu.