Dodo ya m'Galasi ndi Thadzi la Amayi

Thamesmead,
London SE28.
11 Novembala, 2007.

Okondedwa achemwali anga a Tionenji,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Kodi muli bwanji kumeneko ku Linthipe? Chifuwa chija cha mwana wanu Miriam chinasiya? Ndikhulupirira mwamaliza kupanga mizere ndipo mukungodikira mvula. Ine ndili bwino. Kungoti masiku ano mdima ukumagwa folo koloko, moti ndikamatsika basi pochokera kusukulu magetsi amakhala atayaka kale ndipo nkhandwe zili m'mabini.

Mwamva kale kuti amalume a Bothwell akubwera kumudzi pa Khirisimasi. Masutikesi awiri adzaza kale ndi malaya a pamsika wa ku Woolwich, ndipo ntchito yanga ndi kuchotsako timapepala ta mitengo kuti musadziwe kuti ndi otchipa. Akafika adzakuuzani kuti ndi bwana woona zachitetezo. Zoona zake n'zakuti amaima pakhomo la sitolo ku Lewisham n'kumathamangitsa ana oba maswiti. Ntchitoyo ilibe vuto, ndi imene ikundidyetsa. Chondinyansa ndi mmene amayendera akavala suti ija.

Kusukulu ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera. Sindinapezebe mnzanga ndipo sindikumufunafuna. Temu ino aphunzitsi anagawira aliyense zilumba zake kuti alembe za nyama ndi zomera zimene zinatheratu kumeneko. Tyrone, mnyamata waphokoso wokhala patsogolo panga, analanda Hawaii poganiza kuti alemba za atsikana ovina. Ine anandisiyira zilumba za Mascarene, poti palibe amene ankatha kuzitchula.

Zilumbazi ndi Mauritius, Reunion ndi Rodrigues, pakati pa nyanja kupitirira Madagascar. Kale kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Ku Mauritius kunali mbalame yotchedwa dodo, yaikulu kuposa nkhukundembo, m'bale wake wa nkhunda koma yosauluka, poti panalibe choithamangitsa. Inkaikira dzira limodzi pansi. Atafika amalinyero a ku Ulaya, iyo inkawayandikira kudzaona kuti alendowa ndi ndani, iwo n'kumaigogoda ndi zibonga. Ena analemba kuti nyama yake ndi yolimba, yosakoma, komabe ankadya. Nkhumba, makoswe ndi apusi zimene anabwera nazo zinatsiriza mazira. Zaka zana zisanakwane, dodo inali itatha. Ndiye lero mwana akalakwa masamu m'kalasi, anzake amamutcha dodo. Taonani achemwali: wochenjera ndi wakupha uja, wopusa ndi amene analandira mlendo.

Ku Rodrigues kunali akamba akuluakulu, ochuluka moti akuti munthu ankatha kuyenda pamisana pawo osaponda dothi. Ankawaunjika chagada m'zombo, amoyo, kuti akhale ndiwo zosawola paulendo. Lero palibe wotsala. Zomera zina za kumeneko zangotsala masamba ouma, omatidwa papepala, dzina lachilatini pansi pake.

Lachinayi tinakwera sitima kukaona dodoyo m'nyumba yosungiramo zakale, m'tauni. Ili m'bokosi lagalasi, yonenepa ngati mtsamiro. Ana a m'kalasi mwathu anangoijambula ndi mafoni n'kuthamangira mafupa a zinyama zikuluzikulu. Ine ndinatsala, chifukwa nthenga za pakhosi pake sizinali zachilendo kwa munthu amene anasosolapo nkhuku. Nditafunsa bambo amene ankatitsogolera, anandiyankha mosangalala kuti imeneyo si dodo yeniyeni. Anati ndi chidole chovekedwa nthenga za nkhuku ndi za atsekwe, ndipo padziko lonse palibe dodo yathunthu, kwangotsala mafupa, mutu wouma ndi phazi. Ndiye kuti anaidya yonse, kenako anapha nkhuku kuti apange choililira. Mayi wina amene ankamvetsera anapukusa mutu, nati n'zachisoni kwambiri. Potuluka ndinamupeza m'kasitolo ka pakhomo akugula kapu yojambulidwa dodo ikumwetulira.

Koma nkhani imene yandikhala pamtima ndi ya kamtengo kena ka ku Rodrigues komweko, kotchedwa khofi wam'tchire. Onse ankati kanatha. Tsiku lina kanapezeka kamodzi m'mbali mwa msewu, mbuzi zikukabudula. Akatswiri anakamangira mpanda. Anthu ataona mpandawo anati chinthu chotchingidwa chotere ndi mankhwala basi, nayamba kudula waya n'kumathyola nthambi ndi kusenda makungwa. Anawonjezera mpanda wina, anthu anadulanso. Mtundu wake unapulumuka chifukwa wina anatenga kanthambi n'kupita nako kutali, kuno ku London, kumene aja ofuna mankhwala sakanafika. Mugwire mfundo imeneyi, muiona ntchito yake.

Lamlungu lapitalo, titabwerako kutchalitchi, amalume anagula khadi la foni naimbira amuna anu, alamu a Paterson. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka mbale. Sindinachite kutchera khutu, poti amalume pafoni amakuwa ngati mawuwo ayenda wapansi mpaka ku Dedza. Anati atopa ndi nkhuku za kuno zomveka ngati thonje lonyowa. Anati awasungire ija ya kansilanga, ya nthenga zotukuka, yotsala ija, chifukwa ziwiri zimene anadya ulendo watha akuzikumbukirabe. Alamu sanazengereze. Ndinamva amalume akuwayamikira kuti ndi mkamwini wodziwa ulemu, kenako nkhani inatembenukira ku foni yojambula imene alamu akhala akuipempha.

Achemwali, inu mukudziwa kumene thadzi limenelo linachokera. Pamene anatithamangitsa pafamu ku Mvurwi, kudziko la eni kuja, amayi anasiya bedi, anasiya mbale, koma make wa thadzi limenelo anamunyamula m'dengu, atavundikira chitenje, palole mpaka ku Dedza. Pamalire ndine ndinkamutsina mlomo kuti asalire. Amayi ankati agogo anachoka nazo nkhuku zimenezi ku Linthipe komweko popita kukagwira ntchito ya fodya, ndiye sizikusamuka, zikubwerera kwawo. Chaka chimene amayi anatisiya, chitopa chinasesa khola, zinatsala zitatu. Amalume atabwera kudzanditenga munawaphera tambala, mawa lake anapempha msoti. Ine ndinasosola zonse ziwiri. Ndikudziwa kuti nkhuku za kansilanga ziliko kwina. Koma ya amayi ndi imeneyo basi.

Ndinayesa kuwauza amalume zimenezi mwaulemu tili pa tiyi. Anaseka mpaka kutsamwa. Anati zaka ziwiri sizinakwane ndili ku Mangalande koma ndayamba kale kulira maliro a nkhuku ngati mzungu, mawa ndidzagulira galu juzi. Anati iwo ndi mwini mbumba, ndipo chilichonse choyenda pabwalo la mlongo wawo n'chawo, kuyambira ineyo. Akazi awo, azakhali a Loice, anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. Pambuyo pake anandiuza kukhitchini kuti munthu amene wakukweza ndege sutsutsana naye za ndiwo. Ndinapitiriza kutsuka makapu. Koma ndinaona kuti chifukwa ndinalankhula, njala ya amalume inakula. Madzulo ake anauza anzawo pafoni kuti kumudzi kukuwadikira nkhuku yosowa, yotsala imodzi. Mpanda woyamba ndinamanga ndine, ndipo mwaona chimene wachita.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Disembala asanafike, mukaikize thadzilo kwa a Esnat ku Chimbiya, anzawo a amayi a Mvano aja. Musalitsekere m'khola, musalimange mwendo, musauze alamu kuti ndi lofunika, chifukwa akamva zimenezo ndiye adzalisunga bwino kudikira mpeni. Mudikire tsiku limene apita kumsika, mulinyamule m'dengu ngati mukupita kuchigayo. Kuikiza nkhuku si chachilendo, palibe angadabwe. A Esnat adzatengepo anapiye awo monga mwa mwambo. Tambala asavute, aliyense wa pabwalo pawo akwanira. Amayi ankati kansilanga ngakhale akwerane ndi tambala wamba, anapiye ena amatulukabe otukuka.

Amalume muwaphere tambala wa mikolongwe uja, wamkulu bwino, mwa ulemu wonse. Musaope kuti adzazindikira mumphika. Khirisimasi yatha azakhali anagula nkhuku yopuma pa ntchito yoikira mazira, m'firiji pamsika wa ku Woolwich, nawauza kuti mnzawo wa ku Zambia waitenga kwa munthu woweta nkhuku zachikuda. Amalume anatafuna mpaka mafupa atatsinzina, nati lilime lawo silinamizidwa, imeneyi yadya chiswe. Ine ndi amene ndinakataya pulasitiki yake ku bini.

Sindikukuphunzitsani bodza. Akafunsa za kansilanga mungoti pakhomo pano palibe, zatha, ndipo zidzakhala zoona. Mawu akuti zatha anthu amawalandira msanga, ndaona ndi maso anga. Adzapukusa mutu ngati mayi uja, adzati n'zachisoni, kenako adzafunsa kuti nthutumba ya tambalayo ili kuti. Alamu akalusa chifukwa cha foni yawo, munene kuti ndi ine ndinatuma. Kuno sangandifike. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame athuwa ali ndi mano.

Musayankhe kalata ino kudzera pafoni ya amalume, amaika mokweza kuti nyumba yonse imve. Mulembe, makalata ndimayamba kuwaona ndine m'mawa, iwo asanadzuke.

Mundiperekere moni kwa amayi aang'ono ndi ana awo onse, kwa agogo aamuna, ndi kwa a Esnat, muwauze kuti ndawathokozeratu. Alamu muwapatsenso moni, poti ulemu ndi ulemu. Miriam mumuuze kuti m'sutikesi yabuluu, pansi pa malaya, ndamuikira mapensulo a mitundu. Muwafufuze msanga amalume asanawagawe ngati agula okha.

Tsalani bwino achemwali, Mulungu akusungeni. Ndipo musanditumizire nthenga m'kalata kuti ndione kuti thadzilo lilipo. Nthenga ndaziona zokwanira m'galasi muja. Mudzangondiuza likaswa.

Ndine mlongo wanu,
Crispin.