Njovu Zaponda Mabuloko

Lachinayi, ku Mwazisi. Lero landiwawa.

Njovu za ku Vwaza zinabwera usiku kudzamwa madzi a m'migolo, amene timathirira mabuloko a nyumba ya aphunzitsi. Zaponda aawisi onse. Simenti yatsala pang'ono, ndipo mvula ikangoyamba lole sifika kuno.

A Nyagondwe, amene amatitungira madzi, ndawapeza akutola zidutswa. "Pepani chomene, a folomani," anatero. "Ndinadzaziratu migolo dzulo kuti m'mawa ndithamangire kuchipatala ndi mwana."

Ndawauza kuti njovu siimbidwa mlandu. Mwanayo akuti wapezako bwino.

Madzulo aphunzitsi andifunsanso ngati adzalowe m'nyumba yawoyo mvula isanagwe. Ndangoyang'ana mitambo ya mvula imene yayamba kale kusonkhana ku mapiri a Nyika.