Mapiritsi a M'thumba la Jekete

Lolemba, 3 Malichi
Kuchipatala ndi amuna anga. Awatenganso magazi. Adokotala afotokoza bwino lero: mtima ukamalephera kupopa, umatulutsa timadzi tina m'magazi. Nambala ya timadzito ikakwera, mtima watopa. Ikatsika, mankhwala akugwira. Yawo yakwera. Mapazi otupa ngati mitsamiro. Awawonjezera mapiritsi okodzetsa, kenako diso pa ine: "Mayi, mchere." Ine amene ndadya zosakolera mpaka lilime kuiwala.

Lachisanu, 7 Malichi
Alamu abwera kudzazonda mchimwene wawo. Molunjika kukhitchini, kuvundukula miphika, kulawa ndi chala. Mchere sanaupeze, mlandu aupezabe: ati ndikuwapha ndi njala. Amuna anga akupukuta nsapato. Mawa ayendetsa ulendo wautali, basi sidikira wodwala.

Lachitatu, 19 Malichi
Nambala yakweranso. Adokotala kukanda mutu, kuwonjezeranso mankhwala. Andifunsa ngati ndimamva zimene amandiuza. 

Loweruka, 22 Malichi
Kuchapa jekete la amuna anga la kuntchito. M'thumba lamkati, mapiritsi okodzetsa mulu, ena asanduka ufa. Ndawayala patebulo pamaso pawo. Ati: "Dalaivala sangamaimitse basi yodzaza anthu kuti akataye madzi. Abwana akamva, ntchito yatha." Kani amamwa tsiku lopuma lokha. Andigwira mwendo kuti ndisauze adokotala. Mawu oti pepani sindinawamve. Mtima ukundiwawa, ndipo wanga palibe akuuyeza.

Lamulungu, 23 Malichi
Tsiku lopuma. Amwa mlingo watsopano uja, wowonjezeredwa kawiri. Masana chizungulire, agwa kubafa. Ndawakoka ndekha mpaka pakhomo. Awagoneka m'chipatala.

Lachitatu, 26 Malichi
M'wodi nesi amaima pomwepo mpaka piritsi litamezedwa. Mlingo wochepa chabe, koma mapazi aphwa, nambala yatsika. Adokotala kumwetulira pamaso pa alamu: "Mwaona, mayi? Kuno sitithira mchere." Alamu kuvomereza ndi mutu wonse. Amuna anga maso padenga.

Mawa atuluka. Lolemba abwerera pa basi, mapiritsi abwerera m'thumba, nambala idzakwera, adokotala adzawonjezeranso. Ndikaulula, ntchito yatha ndipo sadzandikhululukira. Ndikakhala chete, tsiku lina sindidzatha kuwakoka.

Jekete ndalisita. Mapiritsi aja ndawamanga m'kampango, ali m'chikwama changa. Adokotala amayendera odwala m'mawa.