Mzere Umene Alamu Anakwecha

Lolemba, 13 Okutobala

Tulo sindinatione. Ndikanakonda kulemba kuti ndimapemphera, koma ayi, ndimangobwereza mawu a alamu anga a Magdalene. Dzulo titaweruka kutchalitchi, pamaso pa amayi onse, iwo: "Nyumba ya mchimwene wanga ndinaipeza ngati khola. Panopa ndiye munthu angadyeremo." Onse kuseka. Inenso ndinaseka, Ambuye mundikhululukire, mano okha.

Chibwerereni kuchokera kumudzi kuno ku Lawrence, kutsidya kwa nyanja, mbale ndikatsuka iwo amabwereza. Ndi mapoto omwe. Ndikadandaula, amuna anga, bambo a Shalom, amangoti, "Apirireni, ndi amene anandilera mayi atamwalira." Zosavuta kunena uli kuntchito ku South Bend, kunyumba n'kumangobwera pawikendi.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Bambo a Shalom aimba foni. Akuti chisanu chayandikira, pulu yosambiramo yakuseri itsekedwe. "Mupope madzi mpaka pamzere paja basi. Mukukumbuka?"

Ndikukumbuka bwinobwino. Chaka chatha bambo wokonza mapulu anajambula mzere wakuda pakhoma, chikhato chimodzi m'munsi mwa sikima, kabowo komeza masamba kaja. Madzi akatsala pamwamba, amaundana n'kuswa mapaipi. Koma chimene anabwereza kwambiri ndi ichi: osapopa onse. Madziwo ndi amene amagwira makoma ndi laina, chipulasitiki chabuluu choyala m'katimo. Pulu ikakhala yopanda kanthu, nthaka imaikankha.

Alamu anasuzumira pawindo. "Madzi obiriwira chonchi agone mpaka Epulo? Nanga udzudzu? Kwathu mgolo timakhuthula, kukwecha, kuyanika. Kunoku ulesi mumaupatsa dzina lachizungu."



Lachitatu, 15 Okutobala

Alamu ndawaonetsa poyatsira pampu. Pozimitsira ndawaonetsanso. Nthawi yozimitsa sindinanene. Pakamwa ndinatsegula, Mulungu ndi mboni, koma iwo anandidula: "Pitani kushifiti, mayi a Shalom, zolimbazi tisiyireni eni ake."

Ndinapitadi. M'galimoto ndimaimba nyimbo yamtchalitchi mokuwa kuti mtima ndisaumve.

Lachinayi, 16 Okutobala

M'pulu mulibe ndi dontho lomwe. Ndawapeza pansi penipeni atagwada, chitenje pamwamba pa jekete, bulashi kudzanja, chigubu cha bulichi pambali. Zala zawo zang'ambikang'ambika ndi kuzizira, koma nkhope ikuwala ngati mwana wakhoza mayeso.

"Taonani kuyera! Koma kamzere kakuda kapakhoma kanandivuta, ndakwecha mpaka kachoka. Analemba ndi ana?"

Ine: "Mwina."

Ndawapangira tiyi, shuga wambiri monga amakondera. Sindikudziwa kuti tiyi ameneyu kumwamba amulemba mbali iti.

Lachisanu, 17 Okutobala

Mvula tsiku lonse. Paipi yodzazira ili pakhoma pomwepo, kungopotokola basi. Ndaiyang'ana, ndatseka katani.

Loweruka, 18 Okutobala

Laina yatupa ngati chithuza, pamasitepe yang'ambika. Khoma la mbali ya mpanda lapindikira m'kati. Bambo a Shalom afika masana, m'nyumba sanalowe n'komwe. Chikwatirane ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu kwa achemwali awo.

"Achemwali, pano ndi pachitsime? Anakutumani ndani? Chilichonse mukuti mukonze, mwandigumulira nyumba!"

Aneba mpaka anatuluka pakhonde. Kenaka bambo a Shalom anatembenukira kwa ine. "Mzere uja simunawaonetse?"

"Ndinawaonetsa."

Mawuwo anatuluka mosalala ngati ameni. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndimadikira kuti andiyalutse, mwina ndimafuna. Iwo anangoweramitsa mutu, kuyang'ana zala zawo zija.

"Umbuli, Lucious. Pepa mwana wa amayi."

Bambo a Shalom anaponya bulashi ija m'bini, alamu akuona.

Lamlungu, 19 Okutobala

Bambo a Shalom apita nawo alamu ku South Bend m'mamawa. Akakhala kwa msuweni wawo a Gray, m'chipinda chapansi muli makina ochapira, mpaka ulendo wakumudzi utheke. Sutikesi ndinawanyamulira ndine. Pokwera galimoto alamu anati, "Mopu ndaiyanika kuseri, musaiwale kulowetsa."

Kutchalitchi amayi anafunsa kuti alamu ali kuti. Ndinati, "Ukhondo wawo uja wagumula pulu." Anaseka kuposa sabata yatha, wina mpaka kupukuta misozi. Ndinamva kukoma. Ndikulemba kuti ndisadzakane: ndinamva kukoma.

Lolemba, 20 Okutobala

Mbale zagona musinki. Palibe wonena kanthu.

Lachitatu, 22 Okutobala

Alamu atumiza voisi noti, uthenga wa mawu pafoni. Kumbuyo kukumveka makina ochapira, iwo akutsokomola.

"Mayi a Shalom, sindinakutsutseni pamaso pa amuna anu, banja ndi lanu. Koma Lamlungu likubwerali kuli Mgonero, kuno ndi kwanuko komwe, ndipo ine sindingalandire chinthu ichi chili pakhosi. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Mwina ndi ukalamba. Ngati mzere uja munandionetsa, ndikumbutseni tsiku lake ndi pamene ndinaima, ndikagwade kwa Mulungu pokuganizirani zoipa. Ngati simunandionetse, ndiuzeninso. Lucious sadzamva kwa ine. Ndidikira mpaka Loweruka."

Akanati anditukwane bola.

Buledi wa Mgonero sabata ino wodula ndine. Mpeni ndi thireyi zili kale m'chikwama.

Ndadina pojambulira mawu. Ndinati ndinene kuti linali Lachitatu, munaima pafupi ndi pampu. Ndinatinso ndinene zoonazo. Palibe chatuluka, chala chaterereka, foni yatumiza kupuma kwanga kokhakokha.

Sanachedwe kuyankha.

"Ndamva mukupuma, alamu. Loweruka."