Rauta ya Kuchipinda kwa Amayi

Chadiza Boma

Harrison mlongo wanga,

Ndiyankhe ngati ndiwe mwamuna: m'nyumba yonse ino, pabalaza ndi khonde lomwe, unaona kuti pokhomera rauta yako ndi kuchipinda kwa amayi basi? Sukulu yonse ija unaphunzira, palibe anakuuzako kuti pakhomo pano pali mkamwini?

Moni ndikupatsa poti ndinaleredwa. Uli bwanji ku Lusakako? Nanga alamu a Petronella ndi ana? Kuno matupi ali bwino, amayi mwendo uja unaleka kuwawa. Chodwala ndi banja langa, ndipo walidwalitsa ndiwe.

Kabokosi ka intaneti kamene anatipatsa a kampani kankagwira ntchito pabalaza. Kochedwa, inde, koma kaulemu. Iwe utabwera pa Khirisimasi unakanyoza kuti n'kachidole, n'kutulutsa m'chikwama chinthu chako cha nyanga zinayi, chonga kangaude wogona chagada. Unati windo la amayi ndilo linapenya kunsanja ya netiweki. Unasamutsa simu, n'kukhoma chinthucho pamwamba pa windo, kabokosi kathu n'kupita nako.

Chimene sunanene n'chakuti magetsi akazima n'kuyakanso, kangaude wakoyo amakomoka mpaka munthu adine batani lakumbuyo. Ndinazitulukira ndekha, monga ndinaphunzirira makina osokera, popanda wondigwira dzanja. A kampani nditawaimbira anati iwo amadziwa laini yawo basi, rauta ya eni sakhudza.

Tsono Lachinayi lapitali ine ndinali kumsika, ana ali kusukulu. Alamu ako a Yoweli anabwera masana kudzatumiza pa intaneti mayina a ana a m'kalasi mwawo a giredi seveni olemba mayeso, ndipo linali tsiku lomaliza. Magetsi anazima, anayaka, rauta zii. Iwe ukuwadziwa alamu ako: mpaka lero akakumana ndi amayi panjira amapatukira kutchire. Akanaponda bwanji kuchipinda kwa apongozi?

Poyesa kuti amayi ali kumsonkhano wa azimayi kutchalitchi, anatenga nsungwi yothyolera mapapaya, anazungulira kuseri, anakwera pamtondo, n'kulowetsa nsungwiyo pawindo kufufuza batani.

Amayi sanapite kutchalitchi. Anali atangosamba kumene, akudzola mafuta. Anangoona nsungwi ikulowa, kumapeto kwake dazi la mkamwini wawo.

Harrison, mfuwu umene anakuwa amayi unamveka mpaka pokwerera maminibasi. A Yoweli anagwa pamtondo, nsapato ina uko. Anthu pofika anapeza mphunzitsi wamkulumkulu ali gada pansi pa windo la apongozi ake, akufotokoza za batani. Ndani akanamva za batani?

Mayina aja anakatumizira kunyumba kwa ahedi, zimenezo zinatha. Chatsala ndi dzina lawo. Kumsika azimayi akundifunsa ngati nsungwi ija timabwereketsa. Mmodzi ndinamuyankha mpaka tomato wake anamwazika, ndipo sindipepesa. A Yoweli anatenga njinga kupita kwawo ku Zingalume, kuntchito akupalasa kuchokera komweko. Anati pakhomo pano sapondanso mpaka chinthucho chituluke ndipo nkhope yawo itsukidwe.

Ndinatenga sikuludiraiva kuti ndichizule ndekha. Amayi anaima pakhomo la chipinda, anati chimenecho anawapatsa ndi mzime wawo, ndipo timagetsi take tikamaphethira amaona ngati ndiwe ukuwayang'ana. Achifunditsa kansalu kopeta maluwa kuti chisamve fumbi. Tsopano akamatuluka amakhoma chitseko, kiyi n'kumanga pamfundo ya chitenje. Mkamwini wawo akuti amukhululukira, koma kangaude sachoka. Ndinawafunsa ngati kangaudeyo ndiye azikhoma malata mvula ikayamba. Anandiuza kuti pakamwa panga ndinatengera kuchimuna.

Amalume a Manase, ankhoswe athu, aitanitsa mbali zonse ziwiri Loweruka likudzali. Iwo rauta saidziwa ndipo safuna kuidziwa. Akungofunsa kuti ngati nkhani ndi batani, nanga batanilo likufunanji kumene apongozi amavulira? Funso limenelo si la a Yoweli. Ndi lako.

Foni yanga suyankha, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi kuti akupatse m'manja. Usadzati sunaione.

Upereke moni kwa a Petronella ndi ana, uwauze kuti azakhali awo amawakonda. Mulungu akusunge panjira ufike wamoyo, chifukwa ndili nawe ntchito.

Lachisanu ukwere basi. Ubwere ndi kabokosi kathu. Kangaude wako umuzule ndi manja ako omwe, amayi akuona, poti iwe yekha ndiye sakutsutsa. Loweruka uimirire pamaso pa amalume unene mokweza kuti wosaganiza ndiwe, osati mwamuna wanga. Ukatero upite ku Zingalume ukawatenge alamu ako. Nsapato yawo ina ili kuno, ndaipukuta. Ukawaveke wekha.

Ndine mlongo wako,
Magret, amake Takondwa