Chingwe Chotsala ku Msambanyani

Lolemba, 11 Okutobala 1976

Uthenga wandipeza padoko, manja ali girizi yekhayekha, injini ya bwato la Che Binali ili pansi zidutswazidutswa. Masautso wasowa. Mng'ono wanga, mzime wa amayi. Anachoka Lachinayi m'mawa ndi kankhwangwa, ati kukasaka mbira. Loweruka anthu ofuna uchi apeza malaya ake ndi nsapato imodzi m'mphepete mwa chigwembe cha Msambanyani, kuseri kwa Chitala. Pansi pake sipaoneka.

Malume alamula kale. Mtembo ukapanda kupezeka pofika Lolemba likudzali, adula thunthu la nthochi, alikulunge m'nsalu, aliike m'manda m'malo mwake. Ndiwo mwambo. Amayi akana. Ati, "Ine sindinabereke nthochi."

Ndabweza mawu: asadule kanthu. Zaka zisanu ndi chimodzi ku mgodi ku Joni, ntchito yanga inali kulendewera pachingwe m'dzenje, kumanga mapaipi. Dzenje limene ndinalowamo sindinatulukemo chimanjamanja. Ndikamutulutsa, amayi aike mwana wawo.

Sindinalire. Mwina mawa.

Lachiwiri, 12 Okutobala

Ku Chitala pa matola. Kutentha koti nkhuku zangoyasama pansi pa nkhokwe. Kumudzi anthu asonkhana pasiwa popanda mtembo, nyimbo zikuimbidwa motsitsa ngati akuopa kulakwa. Amayi agwira dzanja langa osalisiya.

Chigwembe ndachiona. Chokongola, ndisaname. Mng'alu wopapatiza m'phiri, makoma ofiira, osalala ngati mkati mwa mtondo. Madzi mulibe, mtsinje unauma kalekale. Ndazungulira pamwamba ndi kumunsi komwe, kuponya miyala, kumvetsera. Maphompho atatu. Loyamba mikwamba khumi, lachiwiri kucheperako, lomaliza, lotulukira kudambo, makumi awiri kapena kuposa. Pamwamba pali mkuyu waukulu, mizu yake yatsetsereka ndi thanthwe. Pomangira chingwe pabwino kuposa apa sindinapaone.

Nsapato andionetsa. Zingwe zake zomasula bwinobwino. Ndangoiyang'ana n'kuibweza.

China. Malume andikokera pambali. Mwezi watha pamsika wa thonje Masautso anakweza mawu, ati sikelo ikunama, alimi akulimira anthu a mimba zazikulu. Pagulu! Chiyambire pamenepo amuna awiri a nsapato zopukuta akhala akubwera pa galimoto kudzamufunsa. Leronso ali pasiwa, pamipando, ngati abale. Mnyamata ameneyu pakamwa. Ndinkamuuza ine.

Lachitatu, 13 Okutobala

Ndabwerera kunyanja kukafuna zingwe. Che Binali apereka ziwiri za khoka lawo, za nayiloni, chilichonse mikwamba makumi atatu. Ati apita nawo: "Chingwe changa sichipita kumene mwini wake sanapondeko." Munthu woti pamafunde amaimirira m'bwato ngati ali pakhonde, koma akakwera denga la nyumba miyendo imawanjenjemera.

Tsiku lonse kuwaphunzitsa pamtengo wa mango. Lamba wanga wa ku mgodi ndawapatsa iwo, ine ndaluka wanga wa chingwe. Mashakolo awiri, zitsulo zokhota zija zomangira nangula. Chingwe chizungulire kawiri pachitsulocho, dzanja lamanja lichigwire kumbuyo kwa chiuno. Limenelo ndilo buleki. Silichoka ngakhale njuchi ikulume pamphuno. Miyendo yotangadza, thupi kutsamira kumbuyo. Agwa kawiri pamchenga, amayi oyanika usipa kuseka mpaka misozi. Kachitatu atsika ngati kangaude.

Mfundo zawo ndazikana. Asodzi amamanga mfundo yomasuka ndi kukoka kumodzi, kuti khoka lipite msanga. Pamadzi imeneyo ndi nzeru, paphompho ndi maliro. Mfundo zonse ndimanga ndine.

Ndawauzanso chachikulu. Chingwe timachipinda pawiri pamtengo, timatsika titagwira mbali zonse ziwiri. Tikafika pansi timakoka mbali imodzi kuti chitigwere, tipite nacho kuphompho lotsatira. Tikangokoka, njira yobwerera m'mwamba yatha, yatsala ya kutsogolo basi. Ayang'ana kumwamba, ati, "Inshaala."

Masana mitambo ikuunjikana kumapiri. Chizimalupsa chikagwa tili mkatimo, ndife nsomba. Tilowe m'mamawa. Mphasa ndi nsalu yoyera zokulungira mtembo ndamanga kale.

Lachisanu, 15 Okutobala

Dzulo sindinalembe. Manja. Cholembera ndikuchigwira ngati khasu. Kuyambira lero bukuli lizikhala pansi penipeni pa bokosi la masipanala.

Tinalowa dzuwa litangotuluka. Amuna a m'mudzi anazungulira ndi machira kukatidikira kumunsi, kukamwa kwa chigwembe. Amuna awiri aja nawonso.

Phompho loyamba anatsogola Che Binali, nditaona lamba wawo kawiri. Maso otsinzina, milomo ikuyenda ndi dua, pemphero lawo, koma dzanja la buleki silinasunthe. Ine pambuyo, mphasa kumsana. Thanthwe lotentha kale. Ndinakoka chingwe, chinagwera pamapazi athu. Pansipo mchenga, ndowe za anyani, mafupa a gwape. Munthu ayi. Mizu ya mkuyu ija imafika mpaka pamenepo, ndipo inali yosupukasupuka, kwatsopano.

Phompho lachiwiri lilibe mtengo. Ndinakulunga chingwe pamwala waukulu wopanikizika pakati pa makoma, nditaudumphira kaye katatu kuti ndione ngati ungasunthe. Apa ndinatsogola ine. Kozizira, kuwala pang'ono, mapewa kukhudza uku ndi uku. Mphuno ndinali nditaikonzekeretsa fungo la mtembo wa sabata. Fungo silinabwere. Anabwera mawu: "Achimwene, musakuwe."

Dzanja langa la buleki, limene ndimanyadira nalo, linamasuka. Mikwamba iwiri yomaliza ndinangotsetsereka. Zikhatho zinapsera pamenepo.

Ali pansi pa thanthwe, pambali pa kadziwe kobiriwira. Wowonda, maso m'kati, kakolo kotupa ngati dzungu. Wamoyo. Ndinamuwaza khofi kaye, kenako ndinamukumbatira, kenako ndinalira osadziletsa. Che Binali atafika anangoti "Subuhanallah" n'kukhala pansi.

Nkhani yake. Wina anamutsina khutu kuti Lachinayi lija amuna awiri aja akubwera kudzamutenga. Malaya ndi nsapato anasiya dala. Anatsika ndi mizu ya mkuyu, poganiza kuti adutsa chigwembe chonse, atulukire kudambo, asowe. Mbuli! Phompho lachiwiri anatsika ndi luzi, luzi linaduka. Kutsogolo phompho lalikulu, kumbuyo khoma. Masiku asanu ndi awiri, chinangwa chouma ndi madzi omwa anyani. Anthu akamamuitana pamwamba ankamva, osayankha.

Ndinati tiye. Iye ati, "Kunjako kuli ndani?" Ndinamuuza. 

Ndiye tinachita motere. Kakolo ndinamumanga ndi malaya anga amkati. Kamba wathu yense tinamusiyira, mbatata ndi utaka wowamba. Paphompho lomaliza ndinalumikiza zingwe ziwiri zija, Che Binali anatsika, ndipo ine ndisanatsike ndinamanga mfundo yosamasuka pamwala, kuti chingwe chisakokeke. Pansi, anthu onse akuona, ndinakoka, ndinatukwana, ndinakokanso. Chakanirira. Tidzachitenga tsiku lina. Mphasa ndinaiika pansi yopanda kanthu.

Ndinati tafufuza paliponse, kambuku anatitsogolera. Mmodzi wa amuna awiri aja anafunsa ngati taona magazi. Che Binali ati, "Ambiri, bwana." Ine nkhope inali ya munthu wotopa basi.

Kumbuyo wina ati, "Katswiri wa ku Joni uja, wataya ndi chingwe cha eni chomwe." Zinandiwawa, ngakhale ndikudziwa zimene ndikudziwa.

Amayi. Masautso anandilumbiritsa kuti ndisawauze. Ati akapanda kulira mokwanira pamanda, amuna aja aona, ayambiranso kusaka. Akunena zoona. Ndinagwada pamaso pawo n'kunena kuti ndalephera. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Loweruka, 16 Okutobala

Takatenga "chingwe". Awiriwiri. Palibe anafuna kuperekeza anthu olephera, onse ali kalikiliki ndi nkhuni ndi ufa wa pamaliro. Dzulo Che Binali anapita kunyanja kukaswali ku mzikiti, abwerako ndi chingwe chachitatu ndi njinga. Njingayo taibisa m'bango kudambo.

Maphompho awiri oyamba tsopano ngati masitepe a nyumba. Tamupeza wadya zonse, akufunsa fodya. Wachira ameneyu.

Lomaliza ndilo ntchito. Che Binali pansi, ine pamwamba, Masautso mu lamba wanga wa ku mgodi, umene Che Binali anaubweza m'mwamba ndi chingwe. Mwendo umodzi, manja opanda mphamvu, ndiye sindinamupatse buleki. Ndinamutsitsa ndine, chingwe chikudutsa pa shakolo yomangidwa kumwala, pang'onopang'ono, dzanja ndi dzanja. Pamlomo pa thanthwe anandiyang'ana ngati tsiku limene ndinkamuwolotsa mtsinje ali mwana. Ndinati usayang'ane pansi, yang'ana mapazi ako. Pakati anayamba kuzungulira ngati thumba la thonje, kugunda thanthwe, osatulutsa mawu ngakhale amodzi. Zikhatho zinatsegukanso, chingwe chinafiira. Sindinasiye. Ndinasiya nditamva mluzu wa Che Binali. Kenako ndinamasula mfundo ija, ndinatsika, ndinakoka. Chingwe chonse pansi. Ntchito yoyera. Kapitawo wanga wa ku Joni akanavula chisoti.

Dzuwa paliwombo, nthawi yoti ngakhale galu sadutsa msewu. Che Binali anamuveka mkanjo ndi kofia, kumukweza kumbuyo kwa njinga, zingwe pamapewa. Msodzi ndi mnzake, akubwerera kunyanja. Mawa ali pachilumba cha Mbenji pakati pa okoka makoka, ndi dzina lina. Kumeneko safunsa za kwanu, amafunsa ngati uli ndi msana. Mwendo ukachira, awolokere tsidya lija la nyanja. Potsanzika anangoti, "Amayi, achimwene." Ndinati pita.

Ola limodzi lisanathe mvula inagwa kumapiri. Ndinaima kudambo kuonera madzi ofiira akutuluka m'chigwembe ndi mitengo yomwe.

Lolemba, 18 Okutobala

Taika nthochi.

Thunthu ndadula ndine, malume atandipatsa chikwanje. Adzukulu alikulunga m'nsalu yoyera ija, alinyamula mwaulemu wonse. Amayi alira mpaka mawu kutha, adzigwetsa pamtumbira, amayi anayi kuwagwira. Amuna awiri aja anaima pansi pa mtengo, kuonera zonse, kupereka chipepeso, kukwera galimoto yawo.

Zatheka. Ndachita bwino, ndikudziwa, ndipo zitabweranso ndingachite chimodzimodzi. Nanga bwanji ndikumva ngati amayi ndawakankhira m'dzenjemo ndine?

Lachinayi, 21 Okutobala

Amayi sakudya. Phala akubweza. Tsiku lonse ndakhala pakhomo pawo kusema mpini umene palibe wandituma. Kawiri ndatsegula pakamwa, kawiri ndatseka. Galimoto ija inadutsa pamsewu dzulo, pang'onopang'ono, osaima.

Chingwe ndimachidziwa chimene chinganyamule. Munthu wokalamba sindidziwa.

Lamlungu, 24 Okutobala

Tameta dzulo. Lero kugawa katundu wa Masautso. Makasu kwa malume, wailesi kwa msuweni wathu Yakobo. Ine ndinati sindifuna kanthu.

Anthu atabalalika amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, jekete yake yabulauni ili m'manja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso otupa. Ati, "Bambo ako atamwalira unakhala masiku atatu osalawa kanthu. Pamaliro awa wadya tsiku lililonse, n'kuwonjezera."

Ndinati, amayi... Anandigwira pakamwa ndi dzanja. "Usandiuze, Anderson. Ndikadali ndi mwezi wolira pamaso pa anthu."

Jekete anandipanikiza nayo pachifuwa. "Kwa iwe njaing'ono. Koma pita nayo kunyanja, m'mamawa kumazizira."

Anabwerera pakhonde, kukhala pansi, kuyambiranso kulira, mokweza, mpaka a tsidya la msewu anatuluka m'nyumba. Atatha anaitanitsa phala.

Bwato la Che Binali lipita ku Mbenji Lachiwiri. M'thumba la jeketeyo ndapezamo mtedza wokazinga, womanga m'kansalu, ukadali wofunda.