Bambo Asenda Nachesi

Lachiwiri, mwezi wa Juni. Kwazizira, koma mtima wanga uli m'malo.

Chidwalireni sitiroko, bambo sagwiritsa ntchito dzanja lamanja. Adokotala ku Dambe anati ubongo umatha kulambula njira zatsopano, bola dzanjalo lizigwira ntchito. Koma amayi amawachitira chilichonse, ati ndiwo ulemu.

Lero ndinawapatsa bambo nachesi losasenda.

"Iwe, ukufuna anthu aziti tikuwazunza?" anatero amayi, akufuna kuwalanda.

"Asiyeni, amayi."

Bambo analimbana nalo mpaka tiyi wawo anazizira, madzi a nachesi akuyenderera m'chigongono. Atamaliza, ananyema chidutswa n'kupatsa amayi ndi dzanja lamanja lomwelo. Amayi analandira n'kudya.

Mawa ndiwapatsa mtedza aswe. Amayi ayamba kale kuwasankhira waukuluukulu.